Lenzi ya madola 800 ndi ya madola 2,200: ndalama yapakatiyo imagula chiyani kuno ku chigwa cha Shire?

Pafupifupi aliyense amene amadyera kamera kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje anayambira pa lenzi imodzimodzi, ija imabwera pamodzi ndi kamera, yolembedwa 18-55mm f/3.5-5.6. Pa chinkhoswe cha pabwalo dzuwa likuswa mtengo, lenzi imeneyi sichititsa manyazi. Mavuto amayamba mwambo ukalowa m'tchalitchi kapena m'holo ya mawindo ang'onoang'ono, kapena perekani-perekani akapitirira mpaka chisisira. Zithunzi zimatuluka zamdima, manja a ovina osadziwika pomwe athera, nkhope zodzaza timadontho. Apa m'pamene munthu amayamba kufunsa mitengo ya malenzi ena, ndipo akaimva amagwira pakamwa.

Mu 2016 Sony inatulutsa lenzi yake ya akatswiri, 24-70mm f/2.8 GM, pa mtengo wa madola 2,200 a ku America. Mu 2018 Tamron inatulutsa 28-75mm f/2.8 yolowa pa makamera omwewo a Sony, pa madola 800 okha. Nikon 70-200mm f/2.8E ya mu 2016 inali madola 2,800, pomwe Tamron 70-200mm f/2.8 G2 ya mu 2017 inali madola 1,300. Ndikutchula madola dala. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mtengo wa m'makwacha sukhalitsa. Koma aliyense angathe kuchulukitsa yekha, n'kuwonjezapo mtengo wonyamulira ndi msonkho wa MRA, kenaka n'kuwerenga kuti pangafunike maukwati angati kuti ndalamayo ibwerere.

Madola 1,400 kapena 1,500 apakatiwo amaguladi zinthu, makampaniwo sakuba ayi. Kungoti zambiri mwa zinthuzo sizimene ogula amaganiza, ndipo zina nyengo ya chigwa chino imazithetsa mphamvu. Ine ndimaona kuti kwa ojambula ambiri a kuno, lenzi yapakati ya Sigma kapena Tamron ndiyo yanzeru, ngakhale pali ntchito zingapo zimene yodulayo ilibe mlowam'malo.

Tichotse kaye maganizo akuti lenzi iliyonse yosalembedwa Canon, Nikon kapena Sony ndi feki. Tamron ndi kampani ya ku Japan yomwe inayamba mu 1950, ndipo Sony yomweyo ili ndi masheya m'kampaniyi. Sigma nayonso ndi ya ku Japan, inayamba mu 1961, ndipo malenzi ake imapangira ku fakitale yake ya ku Aizu. Pansi pa awiriwa pali Samyang ya ku South Korea ndi Viltrox ya ku China, omwe akwera kwambiri m'zaka zaposachedwa. Pansi penipeni pali Yongnuo, Meike, 7Artisans ndi TTArtisan. Ena mwa malenzi awo sakwana madola 100, ndipo ambiri a 7Artisans ndi TTArtisan fokasi umachita kupotokola wekha ndi dzanja. Nawonso Canon ndi Nikon ali ndi malenzi awo apulasitiki otsika mtengo, osiyana kutali ndi a akatswiri aja a mzere wofiira kapena wagolide. Choncho munthu akangonena kuti wagula Sigma kapena wagula Canon, sanakuuzeni kalikonse. Mufunseni kuti Sigma yake iti.

Chachikulu chimene mumalipira pa lenzi ndi kuwala. Nambala ija yokhala ndi f patsogolo imanena za bowo lolowetsa kuwala, limene ojambula amati aperture. Amaipeza pogawa mamilimita a lenziyo ndi kukula kwa bowolo, n'chifukwa chake nambala ikachepa ndiye kuti bowo lakula. Bowo la f/2.8 n'lotambasuka kawiri kuposa la f/5.6, motero limalowetsa kuwala kochuluka kanayi. La f/1.8 limalowetsa kochuluka pafupifupi kakhumi.

Tinene kuti muli m'tchalitchi cha malata pa Bangula, operekeza akwati akulowa ndi sitepe yawo ija, awiriawiri. Mwakokera lenzi yanu ku 55mm kuti mugwire nkhope, ndipo bowo lachepa lokha kufika pa f/5.6. Kamera ikufuna 1/30 ya sekondi kuti kuwala kukwane. Pa liwiro limenelo mtsikana akangotembenuza phewa, chithunzi chatuluka mwachimbuuzi. Mukakweza ISO, nambala yoonjezera mphamvu ya kamera yomvera kuwala, kuti shata (kachitseko kolowetsa kuwala pojambula) ifulumire, timadontho tija tadzaza pa suti yakuda ya mkwati. Ikani lenzi ya f/2.8 pamalo omwewo, kamera ipempha 1/125. Ikani ya f/1.8, ifika pafupifupi pa 1/300, ndipo mapazi a ovina aima bwinobwino popanda kuthwanitsa fulashi pamaso pa abusa.

Kuwalatu sikuwerenga dzina lolembedwa pa lenzi. Bowo la f/2.8 la Tamron ndi la f/2.8 la Nikon amalowetsa kuwala kofanana, ndipo kusiyana kumene kulipo n'kochepa kosati n'kukuona pa chithunzi. Kwa amene ali ndi Canon 600D, 700D, Nikon D3200 kapena D5300, makamera amene adzadza m'manja mwa achinyamata kuno, kuchoka pa 18-55mm kupita pa Sigma 17-50mm f/2.8 kapena Tamron 17-50mm f/2.8 ndi kusintha kumene ngakhale agogo a mkwatibwi adzakuona m'chimbale cha zithunzi. Kuchoka pamenepo kupita pa f/2.8 ya akatswiri, amene angaone kusiyana ndi wojambula mnzanu basi, ndipo naye achite kukulitsa chithunzicho pa kompyuta.

Ambiri amathamangira 50mm f/1.8, ndipo m'pomveka. Canon 50mm f/1.8 STM inatuluka mu 2015 pa madola 125, ndipo ya Yongnuo n'njotsika kuposa pamenepo. Koma makamera ndatchulawa ali ndi sensa yaing'ono. Sensa ndi kachipangizo ka m'kati kolandira chithunzi, ndipo yaing'onoyo imadula m'mbali mwa chithunzi. Pa Canon mamilimita a lenzi muwachulukitse ndi 1.6, pa Nikon ndi 1.5, ndiye 50mm pa Canon 600D imaona ngati 80mm. Pojambula nkhope ya munthu mmodzi n'zabwino zedi. M'chipinda chovekera mkwatibwi mudzagunda khoma ndi msana musanakwanitse anthu atatu. Ndipo pa mitengo yapansi chonchi ine ndimalangiza kugula ya Canon kapena ya Nikon yomweyo. Ndalama imene mungapulumutse pa Yongnuo n'njochepa, pomwe kamota kake ka fokasi n'kaphokoso, kamamveka mu vidiyo, ndipo kamasakasaka mumdima.

Nkhani yoti chithunzi chizioneka mbee, tsitsi lililonse palokha, ndi imene anthu amakanganirana kwambiri, koma siyofunika kuchedwapo. Kale malenzi a makampani enawa ankatsaliradi m'mbuyo. Zinthu zinasintha mu 2012 pamene Sigma inagawa malenzi ake m'magulu atatu, Art, Contemporary ndi Sports, n'kutulutsa 35mm f/1.4 Art imene inaima phewa ndi phewa ndi a Canon ndi Nikon pa mtengo wotsika kwambiri. Mu 2013 inatulutsanso 18-35mm f/1.8, zumu yoyamba yokhala pa f/1.8 kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Malenzi a akatswiri amapambanabe m'makona mwa chithunzi bowo likakhala lotsekuliratu, komanso dzuwa likalowa kutsogolo sachita chifunga msanga. Koma chithunzi cha gulu, achibale a kuchimuna ndi a kuchikazi ataima mizere itatu, mumajambula pa f/8 kuti onse aoneke, ndipo pa f/8 pafupifupi lenzi iliyonse yamakono imachita bwino. Komanso chithunzi chotsukitsa cha mainchi 6 ndi 4 chimafuna mamegapikiselo awiri okha, cha A4 osakwana 9, pomwe kamera yanu ikutulutsa 18 kapena 24. Zotsalazo zimathera pa WhatsApp ndi Facebook, komwe amazifinya mpaka ubwino wonse wa madola 2,200 uja kusowa.

Kusiyana kwenikweni kuli pa fokasi. Lenzi ya masiku ano ili ndi kakompyuta m'kati kamene kamalankhulana ndi kamera kudzera pa tizitsulo tagolide tija ta kumbuyo kwake. Canon itayambitsa mount ya EF mu 1987 (mount ndi polumikizira lenzi ndi kamera), malumikizidwe onse anakhala amagetsi, ndipo chinsinsi cha kalankhulidwe kameneka sinagawire makampani ena. Sigma ndi Tamron ankachita kufufuza okha mpaka kukazindikira. Zotsatira zake n'zakuti kamera yatsopano ikatuluka, lenzi yakale nthawi zina inkangouma. Malenzi ena a Sigma a nthawi ya filimu, mukawaika pa Canon ya digito, kamera imalemba Err 01 kapena Err 99 mukangochepetsa bowo. Mu 2013 Nikon D5300 itatuluka, malenzi angapo a Sigma anavuta fokasi mpaka kampaniyo inachita kusintha pulogalamu ya m'kati mwawo. Sigma inatulutsa USB Dock mu 2013, Tamron n'kutulutsa TAP-in Console mu 2016. Izi ndi tizipangizo tolumikizira lenzi ku kompyuta kuti mwini wake asinthe yekha pulogalamuyo ndi kuwongola fokasi. Kwa ife okhala kutali ndi okonza, kachipangizo kameneka n'kofunika kuposa mmene kamaonekera.

Pa makamera opanda kalilole m'kati, aja akuti mirrorless, kampani iliyonse inasankha njira yakeyake. Sony inatsekula chitseko mu 2011 pouza opanga malenzi mmene mount yake ya E imagwirira ntchito, n'chifukwa chake malenzi otsika mtengo achuluka kwambiri pa Sony. Komabe inadzisungira zina. Pa makamera ake othamanga monga A9 ndi A1, lenzi ya kampani ina imajambula zithunzi 15 pa sekondi basi, pomwe ya Sony imafika 20 kapena 30. Pa ukwati zimenezo zilibe ntchito, koma kwa wofuna nkhwazi ikutsomphola nsomba zili ndi ntchito. Canon inatulutsa mount ya RF mu 2018 n'kuitseka. Mu 2022 Viltrox inasiya kugulitsa malenzi ake a RF odzifokasa okha, Canon itadandaula za umwini wa luso lake. Mu Epulo 2024 m'pamene Sigma ndi Tamron analengeza malenzi a RF opangidwa ndi chilolezo, kuyambira ndi a makamera a sensa yaing'ono. Pa Nikon Z, Tamron inalowa mu 2022, Sigma mu 2023. Choncho amene akusunga ndalama yogulira mirrorless ayambe waona mitengo ya malenzi olowa pamenepo asanasankhe kamera. Chotonthoza kwa a Canon n'chakuti malenzi a EF, kuphatikizapo ambiri a Sigma ndi Tamron, amagwira pa RF kudzera pa adaputa.

Ambirife tikadali pa DSLR, makamera aja okhala ndi kalilole m'kati, ndipo kumeneko kuli misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti DSLR imayeza fokasi ndi kasensa kena kapadera kokhala pansi pa kalilole, osati sensa imene imajambula. Lenzi ndi kamera zikasemphana pang'ono, mumalozetsa pa diso koma chooneka bwino n'kukhala khutu. Pa f/5.6 simungazindikire, pa f/1.4 chithunzi chilichonse chimaulula. Makamera akuluakulu ali ndi powongolera vutoli, koma Canon 600D, 1300D ndi Nikon za D3000 ndi D5000 zilibe. Pa mirrorless vutoli linatsala pang'ono kutheratu chifukwa fokasi imayezedwa pa sensa yojambulayo. Msampha wachiwiri ndi wa a Nikon okha. Makamera a m'gulu la D3000 ndi D5000 alibe kamota koyendetsa fokasi m'thupi mwawo, amadalira ka mu lenzi. Nikon 50mm f/1.8D ilibe kamota, chimodzimodzi Tamron 17-50mm yoyambirira ya Nikon. Zimalowa bwinobwino, zimajambula, koma fokasi muzichita ndi dzanja. Wogulitsa sangakuuzeni ngati simunafunse, ndipo mwina naye sakudziwa.

Lenzi ya akatswiri yopangidwa ndi eni kamera imagwira fokasi msanga mumdima ndipo siphonya kawirikawiri. Mkwati akamaveka mphete sabwerezanso chifukwa choti lenzi yanu inali kusakasaka. Pamenepa ndiye ndimavomereza kuti ndalama ija ikugwira ntchito. Koma Tamron G2 ndi Sigma zatsopano zatsala pang'ono kwambiri kufikapo, pomwe zapansi penipeni zija zikadali kutali.

Tsopano tibwere ku chigwa chenichenicho. Mabuku a malangizo a makamera ambiri a Canon ndi Nikon amati chipangizocho chigwire ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40. Mu Okutobala ndi Novembala, ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapyola 40 pamthunzi. Lenzi yakuda yosiyidwa pa mpando wa galimoto imatentha moti kuigwira n'kovuta. Girisi wa m'kati amasungunuka n'kuyenderera kufika pa timasamba totsekula bowo, ndipo mphira wogwirira uja amatayirira. Malenzi aatali a Canon aja mumawaona m'mabwalo a mpira anayamba kupakidwa utoto woyera mu 1976 pofuna kuchepetsa kutentha komweku. Ife tingachite chimodzimodzi ndi kansalu koyera kofunditsa lenzi pamene sitikujambula, ndi kusaiwala chikwama padzuwa.

Malenzi aatali ndiwo amasiyana mitengo koopsa, ndipo chifukwa chake chili pa masamu aja. Kuti lenzi ya 600mm ikhale f/4, galasi lake lakutsogolo liyenera kutambasuka mamilimita 150. Kuti ikhale f/6.3, mamilimita 95 akwana. Galasi lalikulu chotero, losulidwa mosaphonya, limadya ndalama, ndipo m'kati amaikamo magalasi apadera opangidwa ndi mwala wa fluorite, amene Canon inayamba kugwiritsa ntchito mu 1969 pofuna kuchotsa timizere tobiriwira ndi tofiirira tooneka m'mphepete mwa zinthu. Canon EF 600mm f/4L IS III ya mu 2018 inali madola 13,000 ndipo imalemera makilogalamu atatu. Tamron inatulutsa 150-600mm f/5-6.3 kumapeto kwa 2013, Sigma n'kutsatira ndi yake ya Contemporary, zonse pa madola pafupifupi 1,100 ndipo zosapitirira makilogalamu awiri. Madola 12,000 owonjezerawo amagula kuwala kochuluka kawiri ndi theka. Ku Lengwe, imene inakhala paki mu 1970, nyala zimakonda m'zitsamba zowirira ndipo zimatulukira ku madzi m'bandakucha ndi madzulo. Pa nthawi imeneyo kuwala kawiri ndi theka ndiko kumalekanitsa chithunzi chogulitsa ndi chofufuta.

Koma dzuwa likangokwera, cha m'ma 9 koloko m'mawa nyengo yotentha, zinthu zimatembenuka. Nthaka imatentha, mpweya wa pamwamba pake n'kuyamba kuwinduka ngati wa pamwamba pa mbaula. Kuwala kochokera kwa nyama ili patali kumadutsa mu mpweya umenewo n'kufika pa lenzi kutapindikapindika kale. Lenzi yaitali imakulitsa nyamayo pamodzi ndi kuwinduka konseko. Mukayang'ana pa kamera mupeza njovu ya ku Majete ili ndi msana wamanyenje, mitengo ya kumbuyo kwake yokhotakhota, ndipo palibe galasi la fluorite lingawongole zimenezo. Masana a Okutobala, pa mtunda wa mamita 100 kapena kuposa, lenzi ya madola 13,000 ndi ya madola 1,100 zimatulutsa chimbuuzi chofanana. Achinyamata ambiri amaganiza kuti Sigma yawo n'njoonongeka pamene wolakwa ndi mpweya. Mankhwala ake ndi kulawirira ndi kuyandikira. Ku Majete, kumene bungwe losamalira nyama la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2003 n'kubwezeretsa zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012, nyama nthawi zambiri zimapezeka pafupi ndi msewu kapena pa madzi. Njovu ikatulukira pafupi ndi galimoto, wa 150-600mm amangobweza zumu, pomwe wa 600mm yosasuntha amatsala ndi khutu lokha m'chithunzi.

Ku Elephant Marsh, dambo limene linalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 2017, mbalame zambiri umazifikira pa bwato. Kunyamula makilogalamu atatu m'manja pa bwato logwedezeka, pansi pali mvuu ndi ng'ona, n'kovuta pakokha. Kuganiza kuti zimene wanyamulazo n'zamtengo wa galimoto kumachititsa munthu kujambula ndi mantha.

Fumbi ndiye mdani wa tsiku ndi tsiku. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, amene wakwera kabaza kupita ku ukwati wa ku East Bank kapena kwa Chapananga amafika nsidze zitayera. Chakufupi ndi Nchalo pamawonjezekera phulusa la nzimbe zowotchedwa nthawi yodula. Lenzi imene imatalika ndi kufupika pozuma imakoka mpweya ndi kuutulutsa nthawi iliyonse, ndipo mpweyawo umalowa ndi fumbi, lina n'kukafika pa sensa. Malenzi a 70-200mm f/2.8 a DSLR, kaya a Canon, a Nikon kapena Tamron G2, amazuma m'kati osatalika, ndiye sapuma fumbi lambiri. Malenzi a akatswiri amakhalanso ndi timphira totseka molumikizira monse. Pano musadalire dzina, yang'anani lenzi imene ili m'manja mwanu. Tamron G2 ndi Sigma Sports zili ndi timphira timeneti, pomwe Sigma 35mm Art ya mu 2012 ija, ngakhale galasi lake n'lapamwamba, ilibe. Tembenuzani lenzi muone kumbuyo: ngati pali kamphira kakuda kozungulira chitsulo cholowa mu kamera, ndiye poyambira pabwino. Ndipo pa kabaza chikwama chikhale kumsana kwanu, osati chomangidwa pa kaliyala, chifukwa kugwedezeka kwa msewu kumasuntha magalasi a m'kati, makamaka aja oletsa kunjenjemera.

Amene anatumidwa ndi mabungwe kukajambula m'misasa ya anthu othawa madzi pa nthawi ya namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kufunika kwa timphira timeneti. Ntchito yotere suiimitsa kudikira kuti mvula ikate. Ngati ndiyo ntchito imene imakudyetsani, lenzi yotsekedwa bwino si chinthu chonyadira, n'chida chofunikira, ndipo ndalama yake musaiumire. Komabe palibe kampani imene imalonjeza kuti lenzi yake ingamire m'madzi n'kupulumuka.

Mvula ikabwera pamabwera chuku, ndipo chuku sichisankha mtengo wa lenzi. Chimamera pa galasi la m'kati pakakhala chinyezi chambiri, kutentha ndi mdima, zinthu zitatu zimene chikwama cha kamera chotsekedwa mu Januwale kuno chimakhala nazo zonse. Chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wa pa galasi, ndipo ngakhale wokonza apukute, chipsera chimatsala. Lenzi yotsekedwa ndi timphira nayo imagwidwa, chifukwa chinyezi chikalowa chimachedwa kutuluka. Kutuluka m'galimoto yozizira kulowa mu mpweya wotentha wa m'mbali mwa Shire kumachititsa thukuta pa magalasi, ndiye kamera izikhala kaye m'chikwama kwa kanthawi isanatulutsidwe. Kunyumba, chotsani malenzi m'chikwama, muwaike m'kontena ya pulasitiki yotseka mpweya pamodzi ndi silica gel wokwanira (timibulu toyamwa chinyezi), ndipo silica gel-yo muzimuumitsa pa moto wochepa akakhuta chinyezi. Makabati amagetsi osungira malenzi alipo, koma amadalira magetsi osazimazima. Mpunga, umene ambiri amaukhulupirira, suyamwa chinyezi chokwanira ndipo umawonjezera fumbi.

Lenzi ikaonongeka m'pamene kutalikira kwathu kumaonekera. Ku Blantyre angakupukutireni ndi kukonza zing'onozing'ono, koma kamota ka fokasi kakapsa kapena galasi likasuntha, ambiri amatumiza ku Johannesburg, kaya ndi Canon, kaya ndi Sigma. Pamakhala kudikira munthu wodalirika wopita kumeneko, kulipira m'marandi, ndi kudikiranso kuti ibwere. M'mayiko ena wogula lenzi ya akatswiri amagulanso chisamaliro: imakonzedwa msanga ndipo nthawi zina amabwerekedwa ina podikira. Mbali imeneyo ya mtengo ife timalipira koma sitilandira. N'chifukwa chake ndimati wokhala ndi madola 2,200 kuno achita bwino kugula malenzi awiri, monga 28-75mm f/2.8 ndi 85mm f/1.8, ndalama yotsala n'kuguliramo fulashi yabwino ndi mabatire. Imodzi ikafa Lachisanu, ukwati wa Loweruka ujambulidwabe. Kunena chilungamo, malenzi a Canon, Nikon ndi Sony sagwa mtengo msanga ukafuna kugulitsanso, ndipo ogula a kuno amakhulupirira mainawo. Koma wogula lenzi ya madola 2,000 yogwirapo kale ntchito umachita kumusaka ku Blantyre kapena ku Lilongwe, pomwe ya madola 300 imapeza mwini pa Dyeratu pomwepa.

Oyenera kugula ya akatswiri alipo ndithu: wojambula nyama kuti agulitse zithunzi ku magazini ndi malo ogona alendo, wojambula mpira wa madzulo, wogwira ntchito mu mvula ndi matope chaka ndi chaka, ndi amene makasitomala ake amatsukitsa zithunzi zazikulu zopachika pa zikwangwani. Kwa iwowa njira ina yabwino ndi lenzi ya akatswiri yakale. Canon 70-200mm f/4L kapena 24-105mm f/4L zogwirapo kale ntchito zatsika mtengo pamene anthu a kunja akusamukira ku mirrorless, ndipo zinapangidwa molimba.

Poti malenzi ambiri ofika kuno ndi ogwirapo kale ntchito, musapereke ndalama musanayese. Pitani ndi kamera yanu, osati kudalira ya wogulitsa. Chotsani zivindikiro zonse ziwiri, muwalitse tochi ya foni kumbuyo kwa lenzi, muyang'ane kutsogolo mopendekeka. Timadontho tafumbi tochepa tisakuopseni, tilibe vuto. Mukaona timizu toyera tofalikira kuchoka m'mphepete mwa galasi, chimenecho ndi chuku, ndipo mukaona chifunga chophimba galasi lonse, nacho n'chokanira. Yang'anani timasamba ta bowo ngati tanyowa mafuta, ndi tizomangira ta kumbuyo ngati mitu yake inakumbika, chizindikiro choti wina anatsekulapo. Kenaka imani molunjika khoma la njerwa, mutsekule bowo lonse, mujambule, mukulitse makona anayi onse. Kona imodzi ikaoneka mwachimbuuzi kuposa zinzake, galasi la m'kati linasuntha, kaya lenziyo inagwa kaya inatuluka choncho ku fakitale. Ndandalikani mabotolo atatu motalikirana pang'ono, mulozetse pa lapakati, mubwereze kangapo kuti muone ngati fokasi ikugwera pamalo amodzi. Pomaliza lowani m'chipinda chamdima pang'ono muyesenso, chifukwa panja masana lenzi iliyonse imadzionetsa yabwino. Wogulitsa akakana kuti muiike pa kamera yanu, kapena ali kutali akuti tumizani kaye ndalama yonse pa foni kuti aikweze basi, isiyeni lenziyo.